Mwafunsa: Kodi chloroquine anatha mphamvu bwanji?

Funso: Ndili mwana, malungo akandigwira amayi ankandimwetsa chloroquine ndipo ndinkachira, ngakhale ankawawa ngati ndulu. Kenako kuchipatala anati sakugwiranso ntchito. Kodi mankhwala amasukuluka, kapena matupi athu ndiwo anazolowera? Wowerenga, Chilomoni.

Yankho: Achimwene, mwandikumbutsa kuyabwa kuja. Ine ndinkagona ndikudzikanda usiku wonse mpaka anzanga kundiseka kuti ndili ndi mphere. Koma mankhwalawo sanasukuluke ayi, ndipo matupi athu alibe mlandu. Chimene chinasintha ndi kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, kamene thupi lake lonse ndi selo imodzi yokha.

Kachilomboka kakalowa m'maselo ofiira a magazi, kamadya hemoglobin, chinthu chimene chimafiiritsa magazi n'kunyamula mpweya m'thupi. Kamagayira chakudyachi m'kathumba ka asidi kokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka mafuta. Pogayapo pamatsala poizoni wotchedwa heme, ndiye kamamuumba timibulu kuti asakaphe. Chloroquine amalowa m'kathumbamo mosavuta chifukwa pofika amakhala alibe mphamvu ya magetsi. Akangokumana ndi asidi uja amatenga mphamvu ya positive, n'kukhala chimene akatswiri amati ion. Apa ndiye pagona nkhani: ion sidutsa pa mafuta. Mankhwala aja amakhala ngati nsomba m'mono, kulowa alowa koma potulukira palibe. Amachulukana, n'kuletsa kuumba timibulu kuja, kachilombo n'kufa ndi zinyalala zake zomwe.

Pa kachikopa kaja pali kakhomo, puloteni yotchedwa PfCRT, imene akatswiri ofufuza David Fidock, Thomas Wellems ndi anzawo anaifotokoza mu 2000. Puloteniyi ili ngati mkanda wa timikanda 424. Kamkanda ka nambala 76 ndi lysine, ndipo nakonso n'ka positive. Munaseweretsapo maginito awiri, mukudziwa kuti mbali zofanana zimakankhana. Choncho chloroquine akafika pakhomopo amabwezedwa. Koma jini ya puloteniyi, kapena kuti malangizo achibadwa amene kachilomboka kamatsata poipanga, itasintha, m'malo mwa lysine munalowa threonine, amene alibe mphamvu ya magetsi. Mlonda wachoka, chloroquine akutuluka asanagwire ntchito. Kusinthaku amakutchula K76T, ndipo kumayenda limodzi ndi kusintha kwina pang'ono pa jini yomweyo.

Musaganize kuti kachilomboka kanachenjera. Majini amalakwika okha pochulukana. Kungoti mankhwala ankapha tizilombo tonse topanda kusinthaku, otsalawo n'kuswana, udzudzu n'kumawagawa khomo ndi khomo.

Chimene chimandisangalatsa ine n'zimene zinachitika kwathu kuno. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, uja timati Fansidar. Ofufuza atayeza magazi a odwala ku Blantyre anapeza kuti mu 1992 kusinthaku kunali mu tizilombo ta odwala 85 pa 100 alionse, koma pofika 2000 kunatsala mu ta odwala 13 okha. Mu 2005 anayesanso chloroquine pa ana ku Ndirande, ndipo anachiritsa 99 pa 100 alionse, pamene SP anachiritsa 21 okha. Chifukwa chake n'chakuti kakhomo kosinthika kaja kali ndi mtengo wake. Ntchito yake yeniyeni ndi kutulutsa tizidutswa ta chakudya chogayidwa, ndipo kakasinthika sikaigwira bwino kwenikweni. Mankhwala atachoka, tizilombo takale tija tinayamba kuswana mofulumira kuposa tosinthikato, n'kulanda malo.

Ndikudziwa chimene mukuganiza tsopano, achimwene, koma musathamangire kukasaka chloroquine kumsika. Tizilombo sitidziwa malire a dziko, ndipo tosinthika tija tikhoza kubweranso ngati aliyense atayamba kumwa mwachisawawa. Thupi likatentha pitani mukayezetse kaye magazi. Akakupezani ndi malungo adzakupatsani LA, amene boma linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, ndipo mumwe masiku onse atatu ngakhale mutapeza bwino tsiku lachiwiri.