Kodi ndege ya katundu imachita ngozi potera chifukwa cholemedwa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ulongué, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene amayendetsa lole yonyamula mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano kupita ku Tete. Anaona kavidiyo pa WhatsApp ka ndege yachikasu ya kampani yotumiza katundu ya DHL itaduka pakati potera, ndiye akufunsa kuti: "Kodi si kulongeza mopyola muyezo kumeneku, monga timachitira ife pamsewu? Nanga amafufuza ndani, poti timangomva tsiku loyamba, kenako zii?"

Bambo, kavidiyo mukunenako ndi ka pa 7 Epulo 2022, ku San José m'dziko la Costa Rica. Inali Boeing 757 yopita ku Guatemala. Itangonyamuka, mafuta a hayidiroliki, amene amayendetsa zinthu monga mabuleki ndi zowongolera, anayamba kutayika, oyendetsa anabwerera, ndipo potera inapatuka pamsewu woterapo ndege n'kuduka. Oyendetsa onse awiri anatuluka amoyo. Katundu analibe mlandu.

Nthawi zambiri kulemera kumavuta ponyamuka, osati potera, chifukwa pofika kumene ikupita ndege imakhala itawotcha mafuta ambiri ndipo yapepukirako. Komanso phukusi lililonse limakwera pasikelo lisanalowe. Chimene amaopa kwambiri ndi katundu wosamangidwa bwino. Ku Bagram ku Afghanistan, pa 29 Epulo 2013, galimoto zankhondo zinamasuka m'mimba mwa Boeing 747 ikunyamuka, n'kutsetserekera kumbuyo, ndipo anthu onse 7 anafa. Inu mukudziwa zimene matumba amachita akasunthira mbali imodzi pakona.

Za potera ndiye ndikufanizireni ndi ntchito yanu yomwe. Mukamatsika kuchokera kumtunda kwa Angónia kulowa kuchigwa cha Moatize, lole ikagubuduzika kumunsi anthu amati mabuleki anakana. Koma inu madalaivala mumadziwa kuti nkhaniyo inayambira pamwamba, pomwe munthu anayamba kutsika ndi giya yolakwika. Ndege nayonso ndi chimodzimodzi. Ikamayandikira bwalo iyenera kukhala pa liwiro loyenera, kutalika koyenera, matayala atatuluka kale. Chimodzi chikasokonekera, lamulo ndi loti woyendetsa aponde moto, akwerenso m'mwamba, azungulire n'kuyesanso. Palibe amene amadzudzulidwa chifukwa chozungulira. Komabe mtima wa munthu umati "tafika kale, tingotera."

Ndi zimene zinachitika ku Bishkek ku Kyrgyzstan pa 16 Januwale 2017. Boeing 747 ya katundu inafika m'chifunga ili pamwamba kwambiri, oyendetsa sanabwerere msanga, inapitirira bwalo lonse n'kukagwera m'mudzi. Anthu 39 anafa, 35 mwa iwo ali m'nyumba zawo. Ndikaganiza za nyumba zimene zikumangidwa moyandikira bwalo lathu la ndege la Chingozi kuno ku Tete, nkhani imeneyi imandikhala pamtima.

Palinso tulo. Ndege za katundu zimakonda kuyenda usiku. Ya kampani ya UPS imene inagwa isanafike pamsewu wake ku Birmingham ku America, pa 14 Ogasiti 2013, inagwa mbandakucha, 5 koloko isanakwane. Inkatsika mofulumira kwambiri, ndipo ofufuza anatchulanso kutopa kwa oyendetsa ngati china chimene chinathandizira. Apa sindikuphunzitsani kanthu, tulo ta pachiwongolero mumatidziwa kuposa ine.

Nyengo nayo imawonjezera. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala, kopitirira madigiri 40, kumachititsa mpweya kupyapyala, ndiye ndege imagunda pansi ikuthamanga kwambiri ndipo imafuna msewu wautali kuti iime. Mvula ikadikha pamsewupo, matayala amatha kuyandama pamadzi, mabuleki osagwira.

Tsono za ofufuza. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, gawo lotchedwa Annex 13, amati dziko limene ngozi yachitikira ndi limene limatsogolera kafukufuku. Dziko limene ndegeyo inalembetsedwa, la kampani yoiyendetsa, ndi limene inapangidwa amatumiza akatswiri awo. N'chifukwa chake ndege ya LAM, kampani ya ndege ya Mozambique, itagwa ku Namibia mu Novembala 2013 anatsogolera anali a ku Namibia, osati a ku Maputo. Amayamba ndi mabokosi awiri aja timati akuda, chonsecho ndi a mtundu wa lalanje kuti azioneka msanga m'zibenthu. Lina limasunga mawu a m'chipinda cha oyendetsa, lina limasunga liwiro, kutalika, mphamvu ya injini ndi china chilichonse chimene chinakhudzidwa. Kenako amayeza mikwasa ya matayala pamsewu, kuwerenga mabuku a okonza ndege, pepala la katundu, ngakhale maola amene oyendetsa anagona. Lipoti loyamba liyenera kutuluka pasanathe masiku 30, ndipo limangonena zimene zinachitika. Lomaliza, lonena chifukwa chake, amayesetsa kuti lituluke m'miyezi 12, koma kawirikawiri limapitirira. Cholinga chake si kupeza womumanga, ndi choti zisadzachitikenso. Ndiye zii mukunenayo si kuti anthu agona ayi, kungoti lipoti likamatuluka atolankhani amakhala atapita kale ku nkhani zina. Pamenepo ine ndimawadandaula atolankhaniwo, osati ofufuza.

Mwina mukukumbukira za konkuno mu Januwale 2017. Boeing 737 ya LAM yochokera ku Maputo, ya anthu osati ya katundu, inatera ku Chingozi mphuno yake itaphwanyika mbali imodzi. Posakhalitsa dziko lonse linamva kuti yawombana ndi droni, kandege kouluka popanda munthu mkati, zithunzi zinafika mpaka m'manyuzipepala a ku Ulaya. Akatswiri a bungwe loona za ndege la IACM atayang'ana chivundikiro cha mphunocho, sanapeze droni iliyonse. Chinali chofooka kale, ndipo chinaphwanyika ndi mphamvu ya mphepo. Mpaka lero ndimakumana ndi anthu pa msika wa Kwachena amene amalumbira kuti inali droni.