Ku Lanzarote ndi amayi anu: kodi wotsogolera alendo ndi wofunikadi?

Sabata yatha mayi wina wa ku Leeds, ku Britain, anandilembera imelo. Akuti akufuna kupita ndi amayi awo ku Lanzarote, chimodzi mwa zilumba za Canary, ndipo ali ndi mafunso awiri. Alipire ulendo wokhala ndi wotsogolera alendo, kapena angobwereka galimoto n'kumadziyendera okha? Nanga munthu wachikulire amene akapanda kudya nsima amati wagona ndi njala, akadya chiyani kumeneko?

Mayi, zikomo pondilembera. Tsiku limodzi lokha mulipire wotsogolera, ndipo likhale koyambirira. Masiku otsalawo muziyenda nokha, chilumbacho n'chaching'ono.

Ndikutero chifukwa popanda wokufotokozerani, Timanfaya, paki ya mapiri ophulika ya pachilumbachi, ndi miyala yakuda basi, ngati lupsa lopanda malire. Pakapita mphindi khumi amayi anu adzafunsa kuti mwawabweretseranji kuno. Koma pansi pa miyalayo pali midzi. Pa 1 Seputembala 1730 nthaka inang'ambika, ndipo mapiri anakhala akulavula moto mpaka 1736. Chiphalaphala chinakwirira nyumba ndi minda yachonde, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chilumba chonse. Wansembe wa mudzi wapafupi wa Yaiza, Andrés Lorenzo Curbelo, analemba zimene anaona, ndipo otsogolera alendo amazitchulabe. Moto unaphulika komaliza mu 1824.

M'pakimo munthu saloledwa kuyenda mwachisawawa. Ngakhale mubwere pa galimoto yanu, mumaisiya pamalo ofikira alendo otchedwa Islote de Hilario n'kukwera basi yozungulira msewu wa makilomita pafupifupi 14, osatsika. Kwa amayi anu zimenezo n'zabwino, maondo sadzavutika. Pamalo omwewo wantchito amatapa timiyala ndi fosholo n'kukuikani pang'ono m'manja. Ine ndinataya msangamsanga, ngati ndagwira khala. Kenako amaponya udzu wouma m'dzenje, umayaka wokha. Akathira ndowa ya madzi m'paipi yolowa pansi, pakangopita kamphindi nthunzi imatuluka mwamkokomo, aliyense n'kulumpha. Pafupi pomwepo, pa lesitilanti ya El Diablo yomwe anaikonza César Manrique, katswiri wa zojambula wa pachilumbachi, amawotcha nkhuku pamwamba pa dzenje, opanda nkhuni kapena makala. Nkhukuyo kukoma kwake n'kwa nkhuku wamba, ndisakunamizeni.

Malo amene ndikufuna amayi anu akaone ndi La Geria, dera la minda ya mpesa, makamaka ngati anagwirapo khasu. Ku Lanzarote mvula ndi yochepa kwambiri, kawirikawiri siifika mamilimita 150 pachaka, ndipo mphepo siipuma. Moto utazima, alimi anapeza kuti timiyala takuda timene tinakwirira minda yawo, timene amati picón, timasunga chinyezi. Mame a usiku amalowa pansi, dzuwa silingawaumitse. Ndiye amakumba dzenje lalikulu ngati mtondo mpaka atapeza dothi lakale, n'kubzala mtengo umodzi wa mpesa pansi pake, kenako amamanga kampanda ka miyala kokhota ngati mwezi kuti katchinge mphepo. Dzenje limodzi, mtengo umodzi, mpaka phiri lonse kudzaza. Thirakitala silingalowemo, zonse ndi manja. Wotsogolera wathu anafukula pang'ono ndi dzanja n'kutiuza kuti tigwire. Pamwamba panali potentha, pansi pali nowenowe. Aliyense amene anaphimbirapo munda ndi mapesi amvetsa nthawi yomweyo. Mphesa zake zambiri ndi za mtundu wa Malvasía, ndipo amene samwa vinyo sakakamizidwa.

Tsopano za m'mimba. Nsima kulibe, koma kuli gofio, ufa wa chimanga kapena tirigu wokazinga. Akausakaniza ndi msuzi wa nsomba wotentha umalimba ngati phala lolimba, ndipo umakhalitsa m'mimba. Fungo lake ndi la chimanga chokazinga, si lachilendo ayi. Chachiwiri ndi papas arrugadas, timbatatesi tating'ono tophikidwa ndi makoko ake m'madzi a mchere wambiri mpaka titachita makwinya. Amadyera msuzi wotchedwa mojo, wofiira wokhala ndi tsabola kapena wobiriwira wosawawa. Nyama ya mbuzi imapezeka, tchizi cha mkaka wa mbuzi chiliponso. Nsomba mukadye ku El Golfo, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, ndipo mufunse yotchedwa vieja, yofewa bwino.

Chimodzi chimene ndinalakwitsa: ndinalipira ulendo wophatikiza chakudya chamasana. Anatilowetsa m'holo ina yaikulu ndi mabasi ena atatu, chakudya chozizira, mbatatesi zokhala ngati zadzulo. Musankhe gulu laling'ono, ndipo mufunsiretu kuti mudzadyera kuti. Akakuuzani dzina la mudzi osati la holo, ndiye kuti zili bwino.

Kukwera ngamila za pakhomo la paki ya Timanfaya muwasiyire ana. Tengani juzi chifukwa cha mphepo, ndi nsapato zotseka, miyalayo imacheka. Ngati amayi ali ndi pasipoti ya Malawi, Lanzarote ndi gawo la dziko la Spain, choncho viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, ikufunika ngakhale akuchokera ku Britain. Yambani zimenezo musanagule matikiti. Ndipo ngati mwapeza nyumba yokhala ndi khitchini, kathumba ka ufa ndi mthiko musazisiye. Pofika tsiku lachinayi adzazifunsa.