Kodi madola 250 angakwane sabata imodzi ku Bangkok?

Mayi wina wa ku Mzuzu watilembera imelo. Akuti tikiti ya ndege yopita ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, wawagulira kale mchimwene wawo, koma m'thumba atsala ndi madola 250 okha oti akagonere, kudya ndi kuyendera kwa masiku 7. Funso lawo ndi lakuti: ndalamazi zikwana, kapena ulendowu auimitse kaye?

Amayi, zikwana. Madola 250 ndi ma baht (ndalama ya ku Thailand) pafupifupi 8,000, ndipo munthu wosamala amatha tsiku ku Bangkok ndi ma baht osakwana 1,000. Koma musananyamuke dziwani kuti vuto lanu loyamba lili pa chipata cholowera m'dzikomo. Mmalawi amafunika viza, yomwe masiku ano imapemphedwa pa intaneti, ndipo lamulo la viza ya alendo limafuna umboni woti muli ndi ma baht 20,000. Ndalama zimenezi simukakamizidwa kuzigwiritsa ntchito, koma ziyenera kuoneka pa sitetimenti ya kubanki, ndipo wa imigireshoni ali ndi ufulu wokufunsani pofika. Kambiranani ndi achimwene anuwo msanga. Kuyambira pa 1 May 2025 aliyense wolowa amadzazanso fomu yolowera m'dziko yotchedwa TDAC pa intaneti m'masiku 3 omaliza asanafike. Fomuyi ndi yaulere. Tsamba lokulipiritsani si la boma. Ngati mukudutsira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, tengani kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever.

Kwacha sasintha ku Thailand. Nyamulani madola atsopano, osang'ambika ndi osalembedwa, makamaka a 50 ndi 100 chifukwa amagulidwa pa mtengo wabwinoko kuposa ang'onoang'ono. Mukatera pa bwalo la ndege la Suvarnabhumi musasinthire pa mabanki oyamba kuwaona. Tsikirani pansi penipeni, pamene pali sitima ya Airport Rail Link. Malo osinthira ndalama a SuperRich ali pomwepo ndipo amapereka bwino. Makina a ATM amadula ma baht 220 kapena kuposa nthawi iliyonse mukatapa ndi khadi yakunja, ngakhale mutatapa zochepa bwanji. Imeneyo ndi ndalama ya chakudya cha tsiku lonse.

Sitima ija imakufikitsani ku Phaya Thai pa ma baht 45 m'mphindi pafupifupi 30, ndipo kumeneko mumalumikiza ya m'mwamba ya BTS. Takisi ingakudyereni ma baht 350 mpaka 500 mukaphatikiza 50 ya pabwalo la ndege ndi zolipira pa msewu waukulu.

Apa ndi pamene tikufuna mumvetsetse, chifukwa ndalama za alendo zimathera pa mayendedwe kuposa pa chakudya. Malo ogona sankhani poyang'ana mapu, mtengo ubwere pambuyo. Bedi mu hostel, m'chipinda cha anthu angapo, ndi ma baht 250 mpaka 450, ndipo ambiri ali ndi chipinda cha amayi okhaokha komanso loka yotsekera katundu. Bedi yotchipa yomwe ili kutali ndi siteshoni imakudyerani ndalamayo pa takisi m'mawa ndi madzulo. Khao San Road, msewu wa malo ogona otchipa a alendo, ndi yotchuka, koma sitima sifika pafupi ndipo phokoso ndi la usiku wonse. Ife tingakulozereni kufupi ndi Saphan Taksin, pamene BTS imakumana ndi mtsinje wa Chao Phraya, kapena pafupi ndi siteshoni iliyonse ya sitima yapansi ya MRT.

Mtsinjewo ndiwo msewu wotchipa kwambiri. Pa doko la Sathorn kwerani boti la mbendera ya olenji, lomwe anthu akomweko amapitira kuntchito. Ndi ma baht osakwana 20 ulendo umodzi. Padokopo pamakhala anthu okuitanirani boti lapadera la ma baht mazanamazana. Adutseni, imani pamzere, muyang'ane mtundu wa mbendera kumbuyo kwa boti. Takisi mukaifuna, onetsetsani kuti dalaivala wayatsa mita, yomwe imayambira pa 35. Akakana, tsikani mukwere ina. Tuk-tuk, kagalimoto ka matayala atatu, ilibe mita ndipo kawirikawiri imadula kuposa takisi.

Kudya sikudzakuvutani. Mbale ya khao man gai, mpunga wa nkhuku wopanda tsabola, kapena pad kra pao, nyama yokazinga ndi masamba onunkhira, ndi ma baht 50 mpaka 70 m'mbali mwa msewu. M'mawa gulani moo ping, nkhumba yootcha pa kamtengo, ndi khao niao, mpunga womata womwe mumaumba ndi zala ngati nsima. Idyani pamene pali mzere wa anthu akomweko, chifukwa pamenepo chakudya sichikhalitsa. Tsabola wa kumeneko ndi wolusa. Nenani kuti "mai phet" ngati simumutha. Kutentha kukakukulirani, lowani ku malo odyera a Pier 21 m'nyumba ya Terminal 21 ku Asok, kumene mitengo ndi yofanana ndi ya pamsewu koma mukudya pozizira. Madzi a pampopi musamwe. Botolo m'sitolo za 7-Eleven ndi ma baht 7 mpaka 15.

Zoona zolipira sankhanipo zochepa. Nyumba yachifumu ya Grand Palace ndi ma baht 500, kachisi wa Wat Pho, kumene kuli chifanizo cha Buddha chogona cha mamita 46, ndi 300, kachisi wa Wat Arun tsidya la mtsinje ndi 200. Pa ndalama zanuzi ife tingatenge Wat Pho ndi Wat Arun tsiku limodzi, pakuti kaboti kowolotsa kuchokera pa doko la Tha Tien ndi ka ma baht ochepa chabe, kenako kachisi wa pachulu wa Wat Saket madzulo ena kuti muone mzinda muli pamwamba. Valani zophimba mapewa ndi mawondo. Chitenje m'chikwama chimathandiza. Lumphini Park, komwe ng'azi zikuluzikulu zimayenda poyera, msika wa maluwa wa Pak Khlong Talat, Yaowarat (dera la Achina) usiku ndi msika wa Chatuchak Loweruka ndi Lamlungu, konseku n'kolowa ulere.

Pafupi ndi Grand Palace munthu wovala bwino angakuuzeni mwaulemu kuti lero n'kotseka, nakupezerani tuk-tuk yotchipa modabwitsa. Ndi bodza. Ulendowo umathera m'sitolo ya miyala yamtengo wapatali kapena kwa telala, kumene dalaivala amalandira yake. Pitani nokha pageti mukaone.

Tiwerenge tsiku limodzi: bedi 350, chakudya 250, mayendedwe 120, madzi ndi tina 60, zolowera pafupifupi 150. Zonse ndi 930, ndipo masiku 7 ndi 6,510. Otsalawo agulire SIM khadi ndi kusungira mwadzidzidzi, musawathere ku msika wa Pratunam pa zovala tsiku loyamba. Musanyamule fodya wamagetsi chifukwa ndi woletsedwa, musanene chilichonse chonyoza mfumu chifukwa chilango chake chimafika zaka 15 kundende, ndipo onetsetsani tsiku lomwe adinda m'pasipoti: kupitirira ndi chindapusa cha ma baht 500 tsiku lililonse.