Za stroller yothamanga nayo ndi mwana

Asisi, mwafunsa ngati ka stroller (kangolo kokankhira mwana) kamene mumayendera nako ku Gateway Mall kangathe kuthamanga nako m'mawa ndi mwana wa miyezi isanu. Ine ndingati ayi, komanso dikirani kaye. Khosi la mwana likufunika lilimbe, ambiri amati ayambe ali ndi miyezi 6 mpaka 8, koma mukapita kusikelo afunseni anesi akuuzeni za mwana wanuyo.

Timatayala tapulasitiki tija timakana ngakhale timiyala, nanga misewu yathu ino ya mu Area 25 ndi Area 49 yokumbikakumbika ija mwana angomva kugwedezeka mutu wonse. Yothamangira yeniyeni imakhala ndi matayala atatu akuluakulu opopa mpweya ngati a njinga, kumbuyo nthawi zambiri 16 inchi, ndiye tayala lakutsogolo lizitha kulokedwa kuti lisamapotoke mukathamanga, apo bii imagwedera mpaka kukugwetsani. Onaninso buleki yapamanja, kachingwe komanga padzanja lanu, ndi malamba omanga mwana paphewa, m'chiuno ndi pakati pa miyendo.

Ma stroller othamangira atsopano a makampani a Thule ndi BOB mtengo wake ndi wowawa heavy, nde yesani kwa anthu akunja amene akuchoka, amagulitsa pa Facebook. Musanapereke ndalama ikankheni nokha ndithu muone ngati ikuyenda mowongoka. Chubu ikaphulika ndi minga, amakaniko a njinga amamata bwinobwino.

Mu Okutobala dzukani 5 koloko, dzuwa ndi fumbi zisanayambe.