Injini ikutsamwa ndikakankha throttle

Funso: Ndikupanga ndege yaing'ono ya injini ya Volkswagen. Ma injector (tizipangizo topopera petulo) ndawaika pafupi ndi throttle body (chitseko cholowetsa mpweya mu injini). Ndikakankha throttle (chogwirira chowonjezera mphamvu ya injini) mwachangu, injini imayamba yatsamwa isanakoke. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Petulo wanu akuyenda mtunda wautali. Mukatsegula throttle mwadzidzidzi, mpweya umafika m'masilinda nthawi yomweyo, koma petulo wina amayamba wamatirira m'makoma a mapaipi a manifold (opititsa mpweya kumasilinda). Kwa kamphindi injini imalandira mpweya wambiri, mafuta ochepa. Mapaipi akakhala aatali ndi ozizira, vutoli limakula.

Sunthani ma injector, silinda iliyonse ikhale ndi yake, pafupi ndi valavu yolowetsa mpweya, yopopera molunjika kumsana kwa valavuyo osati kukhoma. Kenako konzani acceleration enrichment (petulo wowonjezera amene amaperekedwa mukakankha throttle) mu ECU (kompyuta ya injini), muonenso ngati TPS (kachipangizo koyeza mmene throttle yatsegukira) ikuwerenga mosadumpha. 

Koma pafupi ndi valavu n'potentha. Mukazimitsa injini petulo amatha kuwira m'paipi, choncho ikani paipi yobwezera mafuta kuthanki.

Yesani ndege ili yomangirira pansi, mukuyerekeza EGT (kutentha kwa utsi wotuluka) ya silinda iliyonse. Musauluke kutsamwako kusanathe: potera mukafuna kukweranso, mphamvu imafunika pompopompo.