Injini yaing'ono ya turbo kapena yaikulu yopanda turbo?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akufuna kugula galimoto yogwirapo kale ntchito ndipo wapeza ziwiri: ina ya injini ya lita 1.0 ya turbo, inayo ya malita 2.0 yopanda turbo. Wogulitsa akuti yaing'onoyo mphamvu n'zofanana, koma mafuta imangonyambita. "Kodi n'zoona?" akufunsa. "Ine ndimanyamula banja ndi katundu, ndipo njira zanga n'zamitunda."

Achimwene, wogulitsayo sananame, kungoti nkhaniyi waidula pakati.

Injini yopanda turbo imadzikokera yokha mpweya pisitoni ikamatsika. Turbo imagwiritsa ntchito utsi umene ukanangotayika ku ekizosi: utsiwo umazungulitsa kawilo ka timapiko, kawiloko n'kuzungulitsa kanzake kokankhira mpweya m'masilinda. Mpweya ukachuluka, injini imatha kuwotcha mafuta ambiri, mphamvu n'kukwera. Nzeruyi ndi yakale: Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905, ndipo mu 1962 galimoto ya Oldsmobile Jetfire inali kale pamsewu ndi turbo. Ford itatulutsa injini yake ya turbo ya EcoBoost ya lita 1.0 mu 2012, masilinda atatu okha ankapereka mahosipawa 125, zimene kale zinkafuna injini ya malita 1.6 kapena kuposa.

Koma mwamva mawu aja: kuwotcha mafuta ambiri. Mukamayenda mofatsa pamsewu wosalala, turbo imakhala ikupuma ndipo mukuyendetsadi kainjini kakang'ono kosadya. Kwezani anthu asanu, dzazani buti, yambani mtunda. Phazi limapita pansi, turbo imadzuka, kutentha kumakwera, ndipo injini zambiri za petulo zimathira mafuta owonjezera pofuna kudziziziritsa. Pamenepo muvi wa mafuta umatsika mukuuona, pomwe ya 2.0 ikukwera mosadzipanikiza. Tisaipondereze komabe ya turboyo: kumalo okwera kwambiri mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse. Ya turbo simva zimenezo kwenikweni.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi oilo. Kawilo kaja kamatha kuzungulira koposa ka 150,000 pa mphindi, pafupi ndi utsi wotentha madigiri 900, ndipo kamadalira oilo yemweyo wa mu injini. Mwini woyamba akakhala kuti ankadumphitsa sevisi, kapena ankazimitsa injini atangoithamangitsa, oiloyo amapserera m'timapaipi ta turbo ngati makala. Mavutowo adzagwera inu.

Malinga ndi katundu ndi mitunda yanuyo, ine ndikanatenga ya 2.0. Ngati mtima wakakamirabe pa ya turbo, funsani buku la sevisi, tsegulani chotsekera oilo muone ngati kunsi kwake kuli phala lakuda, kenako wina aponde moto inu muli kumbuyo. Mukaona utsi wabuluu kapena kumva kulira ngati sayirini, bwezani makiyi.