Musalisiye bukulo: chimene chikuumitsa windo la pulogalamu yanu n'chodziwika

Mwafotokoza kuti mukuphunzira kupanga mapulogalamu a pakompyuta okhala ndi mawindo ndi mabatani pogwiritsa ntchito buku la Python, koma zitsanzo zina zikukana kuyenda ndipo windo limauma mukadina batani, tsono mukufunsa ngati kuli bwino kulisiya bukulo n'kumatsata mavidiyo. Ine ndikukupemphani kuti musalisiye, chifukwa mavuto awiriwa ali ndi magwero odziwika bwino.

Choyamba, onani chaka chimene bukulo linasindikizidwa. Ngati zitsanzo zake zikulemba Tkinter, chida cha Python chopangira mawindo, ndi T wamkulu pamzere wa import, ndiye kuti linalembedwera Python 2, imene inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020, pamene mu Python 3 dzinali limayamba ndi t wamng'ono. Ngati likuphunzitsa PyQt5 inu mutaika PyQt6, imene ili mitundu iwiri ya chida china chopangira mawindo chochokera ku Qt, zinthu zina zinasamuka. Mwachitsanzo QAction inachoka mu QtWidgets n'kupita mu QtGui. Zimenezi zimakonzeka mosavuta.

Vuto la kuumali ndi limene ndikufuna kulikhalira pansi, chifukwa ndi pamene pagona phunziro lonse. Mapulogalamu amene munayamba nawo amayenda kuchokera pamzere woyamba mpaka womaliza, kenako n'kutha, koma pulogalamu ya windo siyenda choncho. Mukamaliza kuika mabatani ndi mabokosi olembamo mumaitana mainloop ya Tkinter, ndipo kuyambira pamenepo pulogalamu imangozungulira kudikira zochitika: munthu wadina, watayipa chilembo, wakulitsa windo. Chochitika chilichonse chimaima pamzere, ndipo mainloop imachitenga chimodzi, kuitana function yake (kagulu ka malamulo kamene munakalembera chochitikacho), kudikira kuti function imeneyo imalize, kenako n'kutenga chotsatira. Kujambulanso windo pasikirini nakonso kumadikira pamzere womwewo. Choncho function ya batani lanu ikatenga masekondi 20 ikuwerenga fayilo yaikulu kapena ikudikira intaneti, kwa nthawi yonseyo palibe chojambula windo kapena kumva kudina kwanu, ndipo kompyuta imanena kuti pulogalamu sikuyankha ngakhale ili mkati mogwira ntchito.

Mankhwala ake ndi akuti function ya batani izimaliza msanga. Ngati munalembamo sleep, imene imaimitsa pulogalamu kwa kanthawi, ichotseni ndipo mugwiritse ntchito after ya Tkinter, imene imauza mainloop kuti idzaitane function inayake pakapita mamilisekondi amene mwatchula, pamene Qt ili ndi QTimer yochita zomwezo. Ntchito yolemera ipatseni thread yakeyake, kutanthauza gawo la pulogalamu loyenda palokha pambali pa mainloop, koma musalole thread imeneyo kukhudza mabatani kapena malemba apawindo. Zotsatira zake iziika mu queue, mzere wosungiramo zinthu zodikira kutengedwa, ndipo thread yaikulu, imene imayendetsa mainloop, izizitenga pogwiritsa ntchito after. Mabuku ambiri amaika nkhaniyi cha kumapeto, ndipo m'maganizo mwanga uku n'kuchedwetsa chinthu chimene wophunzira amachisowa m'sabata yoyamba, motero dumphani mukawerenge mutuwo tsopano.

Kunena za kaphunziridwe, chitsanzo chilichonse muzichitayipa ndi zala zanu, ndipo chikayenda muzichisokoneza dala kuti muone chimene chichitike. Ine ndinataya tsiku lathunthu ndikudabwa chifukwa chake batani linkachita ntchito yake pulogalamu ikangotseguka, kenako osayankhanso, ndipo ndinazindikira nditafananiza mzere wanga ndi wa m'buku chilembo ndi chilembo: pa command ya batani ndinaika mabulaketi kumapeto kwa dzina la function, zimene zimaiitana nthawi yomweyo m'malo moipereka kwa batani. Vidiyo imadutsa pamzere wotere mwachangu, pamene tsamba limakudikirani. Mukafika pa kayalidwe ka zinthu pawindo, musasakanize pack ndi grid, njira ziwiri zoyalira zinthu, mu Frame (chigawo cha windo) imodzi, chifukwa Tkinter imakana, ngakhale mutha kugwiritsa ntchito iliyonse mu Frame yakeyake.

Ngati mungathe, tumizani m'gulu muno function imene batani lanu limaitana pamodzi ndi nambala ya Python imene munaika, kuti tione limodzi mzere umene ukutsekereza mainloop.